Ndinamanga Boyila ndi Malegeni

Mapalo, taika pansi foniyo, siithawa. Dalitso, kokera kampando kuno. Dzulo ndinakumvani mukundiseka kukhitchini, musakane. Mumati agogo akalambadi, ayamba kucheza ndi mphika. Ndi zoona, amayi anu akateleka nyemba mumphika wotseka uja, kachitsulo ka pamwamba pake kakayamba kuvina ndi kuliza mluzu, ine ndimaima pakhomo n'kumamvetsera mpaka katatonthola. Inu mumangomva kuti nyemba zikupsa. Ine ndimamva zina, ndipo lero ndikuuzani, poti nkhaniyi ndayenda nayo ndekha zaka zambiri ndipo yayamba kundilemera.

Ku Lusaka kuno ndinabwera kuchokera ku Katete ndili ndi thalauza limodzi ndi thumba la mtedza limene amayi anandipatsa kuti ndikapereke kwa amalume. Basi za nthawi imeneyo sizinali ngati zanuzi zokhala ndi kanema ndi pochajira foni. Yathu inkakwera mapiri a ku Luangwa ikubuula, ikatopa tinkatsika tonse, kondakitala n'kumaimwetsa madzi a m'chigubu. Mtedza uja theka ndinadya panjira, ndipo amalume anamwalira osadziwa. Ndinafikira ku komboni ya George. Musaganize George ya lero ya mabuloko ndi mageti achitsulo. Nyumba zinali za zidina, denga la migolo yophwanya, pamwamba miyala kuti mphepo isalitenge, ndipo pompi imodzi inkamwetsa anthu osawerengeka.

Pa pompi imeneyo ndi pamene ndinatchukira. Malegeni mukuwadziwa, timizere ta mphira todula ku chubu cha tayala. Inu mumangowaona pa njinga za ogulitsa malasha. Ife tinkakhalira malegeni. Paipi ikang'ambika, malegeni. Nsapato ikayasama, malegeni. Mwendo wa bedi ukagwedera, malegeni. M'komboni chinthu chodontha chinali chamanyazi, chifukwa madzi tinkawaimira pamzere, ndipo munthu woona dontho likugwa osachitapo kanthu tinkamuyesa wosaleredwa bwino. Ine manja anga anali odala pa ntchito imeneyi. Ndinali ndi mfundo yangayanga imene panalibe paipi inaigonjetsapo, moti azimayi a pa pompi anasiya dzina langa la Phiri n'kumanditcha Bamalegeni. Ndinkanyada nalo dzinalo, ndipo m'thumba mwanga simunkasowa mpukutu wa mphira, monga inu simuyenda opanda chaja.

Agogo anu aakazi, a Nabanda, ndinawapezanso pa pompi pomwepo, koma zimenezo si zanu, ndipo Mapalo usandiyang'ane choncho. Iwo ankagwira ntchito yosita pa kampani ina yochapa nsalu za m'mahotela ndi m'zipatala, kumafakitale, kuseri kwenikweni kwa komboni yathu. Chumuni chake tinkachiona tili pakhomo. Kunyumba ankasita ndi nsimbi ya makala, ija yopemerera ndi kuigwedeza m'mwamba, koma kuntchito nsalu ya pabedi inkalowa m'makina yonyowa n'kutuluka kwinaku youma, yosalala, ndipo iwo ankabwera madzulo akununkhira sopo. Titakwatirana ndiwo anakandipemphera ntchito kwa kapitawo. Inde, mkazi kupezera mwamuna ntchito, sekani. Anandilemba kuti ndizituta malasha a miyala, aja obwera pa sitima, ndi kuwathira m'boyila.

Tsiku loyamba kulowa m'nyumba ya boyila ndinavula chipewa popanda wondiuza. Ana inu, simunaone chinthu chotere, ndipo pa foni sichingakwane. Chinali chimgolo chachitsulo chotalika kuposa minibasi, chogona pa maziko a njerwa, thupi lonse misomali ya mitu ikuluikulu. Kutsogolo chinali ndi kamwa, ndipo ukatsegula chitseko chake moto unkakuyang'ana, woyera, woti nsidze zinkapsa uli patali. Pansi pankanjenjemera pang'onopang'ono tsiku lonse, moti ndikafika kunyumba mapazi ankapitiriza kumva. Ine moto ndinkaudziwa wa lupsa ndi wa uvuni wa njerwa, moto wongodya basi. Uwu unali moto wolembedwa ntchito. Unkawiritsa madzi, madziwo n'kusanduka nthunzi, imene kumeneko tinkati sitimu, sitimuyo n'kuyenda m'mapaipi kuboola khoma kupita kwa azimayi, kukatenthetsa makina ochapira, oumitsira ndi ositira. Mpaka lero zimandizunguza mutu kuti madzi omwewa, amene khanda limawamenya ndi kadzanja m'beseni, ukawatsekera ndi kuwasonkhera moto amakhala ndi mphamvu zoti munthu sangaime pamaso pake.

Mwini boyilayo, kunena zoona, sanali mwini kampani. Anali Ba Chanda, Mbemba amene anaphunzira ntchitoyi ku migodi, munthu wamfupi, wa chifuwa chachikulu, imvi zitayamba. Iwo boyila ankaiyendetsa ndi makutu. Ankatha kukhala panja akukukuta chimanga, n'kungoti madzi achepa, ndipo ukapita kukayang'ana pagalasi unkapeza achepadi.

Tsono apa mumvetse bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Inu obadwira m'tauni chimbuya mumachiona ngati masewera a pa ukwati. Kwa ife chinali lamulo. Mbemba ndi munthu wa kummawa ndi ambuya: akakumana amanyozana, amanamizana, amalandana zinthu, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Tsiku limene kapitawo anandipereka kwa iwo, Ba Chanda anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Awe, banibweletsela kodya mbeba. Iwe, mu moto uyu sitiwochelamo mbeba, wamvela?" Ine ndinawafunsa kuti nanga anyani awo amawaotchera pati. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa linali kodya mbeba.

Mabodza amene anandinamiza munthu uja ndi osatha. Anandiuza kuti boyila imafuna moni m'mawa uliwonse, utagwada ndi kuomba m'manja, ndipo ndinachita sabata yathunthu mpaka azimayi atandipezerera n'kugwa pansi ndi phwete. Anandituma kusitolo ya kampani ndi ndowa kuti akandiyezere sitimu ya mawa. Anati muvi wa pa geji, kawotchi koonetsa mphamvu ya sitimu, umalemba dzina la aliyense wowodzera pantchito. Pofika mwezi wachitatu ndinali nditachenjera, kapena ndinkaganiza choncho. Ndinadziuza kuti chilichonse chimene Ba Chanda anena akuseka ndi bodza, ndipo munthuyo sankalankhula osaseka.

Pamwamba pa boyila, pokwera ndi makwerero, panali kachipangizo kamkuwa kosaposa kamphika ka ndiwo. Dzina lake vavu. Vavuyo inali ndi mkono wautali wachitsulo, kunsonga kwake kutapachikidwa chitsulo chobulungira ngati dzungu, ndipo paipi yake inkatulukira padenga. Sitimu ikachuluka kupitirira muyeso inkakankha mkonowo pamodzi ndi dzungu lake, n'kuthawira kumwamba ikulira; ikachepa, mkono unkakhala pansi wokha. Panalibe woilamula, siinkafuna magetsi, siinkafuna munthu. Amene anaganiza kanthu kameneka sindimudziwa, koma ndikanakumana naye ndikanamugwadira, osati mwa chimbuya ayi. M'mawa uliwonse Ba Chanda ankakwera n'kutukula mkonowo pang'ono ndi ngowe kuti aone ngati sunamatire. Ankati akuitsokomoletsa. Kutsokomola kumeneko kunkamveka George yense, ndipo pokhala mawotchi anali a anthu owerengeka, azimayi akangokumva ankathamangitsa ana kuti achedwa kusukulu.

Tsiku lina tili pamwambapo anandigwira phewa, mano onse pamtunda, n'kuti, "Aka kanthu ndiye bwana pano, osati kapitao, osati ine. Kakalila, kaleke kalile. Ukakagwila pakamwa, mutu wako bazautola ku Chawama, mendo ku Kalingalinga." Ndinaseka nawo. Mumtima ndinati ndowa ya sitimu ina iyi. Chimgolo chonsecho, misomali yonseyo, n'kumadalira kamphika ka ndiwo? Mbemba uyu akapusitse wina.

Tsiku lake linali la mwezi wa Juni, ija mphepo imalowera kumiyendo ya thalauza. Agogo anu anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mwanayo anali Tisa, amayi anu. Ku George kunagwa maliro a mkulu wina wachingoni, woyandikana nyumba ndi Ba Chanda. Maliro a munthu wa kummawa sayenda popanda Abemba. Ndiwo amaphika, ndiwo amanyamula bokosi, ndiwo amapaka anamfedwa ufa kumaso ndi kuwaseketsa kuti chisoni chisawamize. Ba Chanda kusapita kukanakhala kutukwana komboni yonse. Choncho analawirira kuntchito, anakoleza moto, anayang'ana madzi, n'kupempha kapitawo maola awiri okha. Ine anandiuza kuti moto ukhale wogona, ndizithira mafosholo atatu pokhapokha muvi ukatsika, ndipo china chilichonse ndisachikhudze. Pochoka anandichenjeza kuti ndisadye malasha.

Asanapite patali magetsi anathima, monga amachitirabe mpaka lero. Boyila ija siinkasamala za magetsi, koma makina a azimayi anaima, ndiye kuti sitimu inalibenso kopita. Ine zimenezo sindinaziganize. Azimayi atasowa chochita anachita zimene ankachita nthawi zonse kukazizira: anakhala pansi m'chipinda chositira n'kutsamira khoma logundana ndi boyila, poti linali lofunda ngati msana wa munthu. Analipo khumi ndi awiri kapena kuposa. Agogo anu anali pakati pawo, akudya mbatata imene ndinawaotchera m'phulusa.

Tsono ine, ndili ndekha kwa nthawi yoyamba pamaso pa chilombo chija, mtima unakula. Ndinati magetsi akabwera apeze sitimu yambiri, kapitawo adziwe kuti wa kummawa naye ndi munthu. Mafosholo atatu anakhala khumi, khumi aja n'kuitana anzawo. Muvi unayamba kukwera, ine n'kumakondwa ngati kondakitala basi ikamathamanga. Posakhalitsa vavu inayamba kunong'ona, kenaka inalira. Ndinatuluka panja n'kuona sitimu ikutuluka padenga, yoyera, ikungopita kumwamba. Malasha amene ndinatuta ndi msana wanga anali kuthera m'mlengalenga. Ana inu, maso anga sanaone chenjezo. Anaona chinthu chikudontha, ndipo dzanja linapita lokha m'thumba.

Ndinakwera makwerero, ndinakulunga chisaka kudzanja, n'kukokera mkono uja pansi. Unalimbana nane ngati mbuzi yokana khola. Ndinaupanikiza ndi bondo, ndinapinda malegeni pawiri, n'kuumangirira ku chitsulo cha makwerero, kuzunguliza kasanu ndi kamodzi, pamapeto mfundo yanga ija. Kulira kunadukira pakati. Ndinatsika ndikupukuta manja, wokhutira ndi ntchito yanga, ndipo ndikuuzeni zoona zonse: ndinathiranso malasha.

Sindidziwa kuti panapita mphindi zingati. Chimene ndikukumbuka ndi bata. Silinali bata la chinthu chogona, ndinkalimva m'mano. Kenaka chitsulo chinayamba kulankhula, te, te, apa ndi apo, monga limachitira denga la malata dzuwa likatentha. Misomali ina inayamba kutuluka thukuta. Fumbi linkagwa lokha m'mizere ya njerwa. Muvi unali utadutsa kale mzere wofiira ndipo unkanjenjemera pafupi ndi pothera manambala. Kuseri kwa khoma ndinkamva azimayi akuseka, ndipo kuseka kwa agogo anu ndinkakusiyanitsa bwinobwino. Mawu aja a mutu ku Chawama anandibwerera, koma ndinaima pomwepo n'kumadzitsutsa ndekha kuti zikanakhala zoona munthuyo sakananena akuseka.

Zimene zinkachitika ku maliro ndinazimva pambuyo pake kwa anthu amene analipo. Ba Chanda anali pakati pa bwalo ndi mbale ya ufa akuthamangitsa Angoni, iwonso atapakidwa mpaka m'tsitsi. Vavu italira anaima, anapukusa mutu n'kunena kuti kodya mbeba kachulutsa moto, koma palibe kanthu, ilire. Kenaka inaduka. Vavu ikamatseka yokha imayamba yatsitsa mawu, monga amachitira mwana akamatonthola, koma iyi inangoti zii. Anatukula maso n'kuona chumuni chikufukabe utsi wakuda bii. Moto waukulu, vavu chete. Akuti mbale inagwa pansi. Munthu wa imvi uja anathamanga kudutsa m'madimba ndi kulumpha ngalande, ndipo amene anakumana naye panjira ena anathawa poyesa kuti aona mzukwa.

Analowa ali mbuu, mpweya ukuwathera. Anayang'ana muvi, anayang'ana kumwamba n'kuona malegeni anga, kenaka anayang'ana ine. Ndinkadikira chitonzo, ndipo ndinkachifuna ndithu. Koma iwo ananena motsitsa mawu kuti, "Ba Phiri, chosani bazimai ku chipupa. Osathamanga, osakuwa. Mubauze ati kapitao abafuna ku geti."

Ba Phiri. Miyezi itatu munthu uja sananditchulepo dzina, ndipo tsopano ankandipatsa ulemu. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti za ku Chawama zija sizinali nthabwala.

Ndinazungulira kukalowa kwa azimayi. Ndinanena zimene anandiuza, iwo n'kuyamba kunyinyirika kuti kunja kukuzizira, kapitawo abwere yekha. Ndinabwerezanso mpaka anayamba kudzuka mmodzimmodzi, uyu akumanga chitenje, uyu akufuna duku. Agogo anu anali omaliza. Mimba inali itakula, kudzuka kunali ntchito, ndipo patapata imodzi inasowa. Anati sangakaime pamaso pa kapitawo ndi phazi limodzi losavala. Ine khomalo ndinkaliona kumbuyo kwawo, la njerwa imodzi, laimu wake akuchita timing'alu. Ndinawanyamula. Anandimenya paphewa kuti ndawachititsa manyazi, anzawo n'kumaimba nthungululu, ine ndikuyenda nawo pang'onopang'ono pabwalo lija, limene tsiku limenelo linkakana kutha.

Nthawi imeneyo Ba Chanda anali okha m'katimo. Anatseka njira ya mphepo, anakokera moto wonse pansi ndi chitsulo, kenaka anakwera makwerero ndi mpeni, chifukwa kudikira kuti boyila izizire yokha kunali kudikira imfa. Ankadziwa chimene chinali pansi pa mapazi awo. Ine ndinakwera makwerero aja ndi umbuli, iwo anakwera akudziwa zonse, ndipo zimenezi ndimaziganizira mpaka lero osapeza pozifikitsa.

Tinali titangofika pa geti pamene anadula malegeni aja. Ana inu, ndamvapo mabingu a m'mapiri a kwathu, ndamvapo miyala ikuphulitsidwa, koma mawu aja ndilibe chowayerekeza nacho. Sanalowere m'makutu, analowera pachifuwa. Lata limodzi la padenga linauluka ngati pepala. Chipilala choyera chinaima pamwamba pa nyumba ya boyila, kupitirira chumuni, chowongoka, dzuwa likuwala m'kati mwake, ndipo sichinkatha. Mbalame zonse za pamawaya zinabalalika. Ku George akuti nyimbo ya maliro inaima, anthu anatuluka m'nyumba. Azimayi pa geti anagwada osauzana, milomo ikuyenda koma mawu osamveka. Kenaka kunayamba kugwa timadontho tofunda, mwezi wa Juni, kumwamba kulibe mtambo ndi umodzi womwe. Ine ndinangoima, agogo anu ali m'manja. Ndinkayang'ana chipilalacho n'kumati, zonsezi zinali kuseri kwa njerwa imodzi, pamsana pa mkazi wanga, ndipo ine ndinazimanga ndi chubu cha njinga. Mantha ndinachita, inde, koma pamwamba pa manthawo panali china, chija munthu amamva akalowa yekha m'tchalitchi chachikulu.

Vavu inalira nthawi yoti munthu n'kunena pemphero la Ambuye kangapo. Kenaka mawu anayamba kutsika, kutsika, mpaka inatseka yokha. Boyila inali yamphumphu, khoma lili chiimire. Kanthu kaja kanangomasulidwa basi, n'kugwira ntchito yake ngati sikanalakwiridwe.

Ndinatsitsa agogo anu n'kuthamangira m'kati. Paipi yotulutsa sitimu inali itazuka polumikizira chifukwa cha mphamvu, moti gawo la mkokomo uja linatulukira m'nyumba momwemo, pafupi ndi mutu wa Ba Chanda. Ndinawapeza atakhala patsinde pa makwerero. Khungu la mkono ndi la khosi linali litasupuka, ufa uja utasanduka phala, ndipo m'makutu munkatuluka magazi. M'dzanja anali atafumbata malegeni anga. Anandiyang'ana, n'kuwaponya pa makala amene anakokera pansi aja, ndipo tinawaonerera awiriwiri akupsa mpaka kutha. Kapitawo atafika, Ba Chanda anamuuza mofuula, poti sankadzimvanso, kuti magetsi anathima, sitimu inachuluka, vavu inagwira ntchito yake, paipi ndiyo inali yokalamba. Munalibe bodza m'mawu amenewo. Anangosiya chinthu chimodzi osanena, ndipo chinthucho chinali ine.

Zilonda zinapola, koma makutu sanabwerere. Ntchito ya boyila ndi ya makutu, choncho anawaika pa geti kuti azitsegulira malole. Kampani inagula vavu yatsopano ya sipuling'i, yobisika m'chipewa chachitsulo, ndipo woyendera wa boma anamangapo kawaya ndi chidindo cha mtovu kuti dzanja la munthu lisafikepo. Kampani inabweretsa mmisiri wina, koma amene anandiphunzitsa ntchito anali Ba Chanda omwewo. Pa nthawi ya nkhomaliro ankabwera, kutenga ndodo, kuika nsonga imodzi pachitsulo, inayo pakhutu langa, n'kumandifunsa ndi maso kuti ndikumva chiyani. Iwo ankavula nsapato n'kuponda pansi, ndipo ankadziwa ndi mapazi zimene ine ndinkalephera ndi makutu awiri. Ndinalemba mayeso, ndinapambana, ndipo ndinasonkha maboyila mpaka tsitsi langa linayera, koyenga mafuta ophikira, kopanga sopo, kuchipatala. Kulikonse ndinkayamba ndakwera pamwamba kukaona vavu ndisanapereke moni kwa bwana. Ngakhale pano, ndikamadutsa m'mayadi n'kuona kapaipi ka giza, thanki ija yotenthetsera madzi osamba, kakudontha pakhoma, mtima umakhala pansi. Ndikaona wina wakatseka ndi kamtengo kuti asataye madzi, ndimagogoda pa geti ngakhale agalu auwe. Amayi anu amati tsiku lina apolisi adzandimanga.

Koma pali chimene sindinachite. Tisa anabadwa patapita miyezi iwiri, ndipo agogo anu nkhani ya tsiku lija ankaikonda kwabasi. Ankaifotokoza kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, pa maukwati, kwa aliyense wobwera kudzacheza: mmene Mulungu anathamangitsira Ba Chanda kuchokera ku maliro, ndi mmene mwamuna wawo anawanyamulira m'manja, mimba ndi zonse, kuwachotsa pa imfa. Akafika pamenepo ankandiyang'ana ndi maso aja, anthu n'kumandigwira chanza. Ine ndinkangoweramitsa mutu, iwo n'kumati ndine wodzichepetsa.

Kamodzi kokha ndinayesa kulapa. Tisa atayamba kuyenda, ndinapita kwa Ba Chanda Lamlungu lina masana n'kuwapeza pakhonde akukonza mbaula. Ndinagwada n'kunena zonse: kunyada kwanga, mafosholo aja, mfundo, makutu awo. Ndinalira, sindibisa. Iwo ankangoyang'ana milomo yanga mpaka nditamaliza. Kenaka anafuula, monga amafuulira anthu osamva, "Iwe kodya mbeba, ine sinimvela vamene ukamba. Ukauze mukazi wako, yeve ali na makutu." Ananena akuseka. Koma pofika nthawi imeneyo ndinali nditaphunzira kuti munthu uja akamaseka ndi pamene uyenera kutchera khutu.

Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza mtima. Ndinapeza agogo anu akusambitsa mwana, ndinati ndinena akamaliza. Atamaliza ndinati ndinena mawa. Mawa lija silinafike. Ba Chanda tinawaika, ndipo ine ndi amene ndinapaka ana awo ufa ndi kunyamula bokosi kutsogolo. Agogo anu tinawaika inu mukuona, ndipo anapita akudziwa kuti anakwatiwa ndi munthu amene anawapulumutsa.

Ndiye inu ndinu oyamba kumva. Dalitso, pukuta m'maso, sindinakuitanire zimenezo. Amayi anu akabwera kuntchito musawauze kanthu. Muwalole avule nsapato, amwe madzi, kenaka muwaitanire kuno. Ndiwauza ndekha, poti pa khoma lija iwonso analipo.